Nyanja ya Chilwa ikaphwa, chimaibweza n'chiyani? Kuyerekeza njira zimene zikukambidwa

Amene adafika pa doko la Kachulu kumapeto kwa chaka cha 2018 sadzaiwala zimene adaona. Mabwato adali atagona chammbali pa dothi long'aluka, ena matabwa atayamba kutaya misomali chifukwa cha dzuwa. Madzi adali atathawira kutali, ndipo msodzi wofuna kuwapeza ankayenda ulendo m'matope ofika m'mawondo akukankha bwato. Amayi amene ankakhalira kugulitsa matemba adapachika malichero. Anyamata ambiri adalowera kumapiri kukatentha makala.

Nthawi imeneyo aliyense adali ndi mankhwala ake. Wina ankati boma libweretse makina likumbe nyanja. Wina ankati vuto ndi alimi a mpunga, atsekeredwe madzi. Wina ankati tidzale mitengo basi. Mvula yamphamvu ya mu Marichi 2019 itagwa, nyanja idabwerera ndipo nkhani zija zidazilala. Koma Chilwa adzaphwanso, ndipo ndi bwino kuziyeza njirazi madzi akadalipo, mitima ili m'malo.

Tiyambe ndi khalidwe la nyanjayi, chifukwa wosalidziwa amasankha njira yolakwika. Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani imathiramo kuchokera mbali ya Malawi, Mnembo amathiramo kuchokera ku Mozambique, koma madzi akalowa amachoka pouma ndi dzuwa basi. N'chifukwa chake amamveka kamchere. Kumpoto kuli mtandadza wa mchenga umene udailekanitsa ndi nyanja ya Chiuta, ndipo pamenepo ndi pamene padutsa njanji yopita ku Nayuchi. Nyanjayi ndi yosaya: malo ambiri sipafika mamita 3. Zaka ziwiri kapena zitatu za mvula yochepa zikatsatizana, dzuwa limaposa mitsinje. Idaphwa mu 1968, idaphweratu mu 1995, idachepa kwambiri mu 2012, kenako mu 2018. Agogo athu adaziona, ndipo kuphwako kuli ndi ubwino wake wobisika: matope akauma n'kumiranso amatulutsa chonde chimene chimabereketsa tizilombo tam'madzi todyedwa ndi nsomba, mwakuti patapita zaka zochepa madzi atabwerera, usodzi umayenda bwino kwambiri. Zaka zabwino, Chilwa wakhala akupereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nsomba zonse zogwidwa m'Malawi.

Choncho palibe njira imene ingaletse Chilwa kuphwa mpaka muyaya. Chimene ndimafunsa pa njira iliyonse ndi ichi: kodi ikuthandiza kuti kuphwa kusamabwere pafupipafupi, ndipo nyanja ikaphwa, kodi ikusiya mbewu yoti moyo ubwerere?

Kukumba nyanja ndi kumanga madamu

Iyi ndiyo njira imene imakoma m'makutu pa misonkhano, chifukwa imaoneka ndi maso. N'zoona kuti matope ochokera m'minda ndi m'mapiri akudzaza nyanja. Koma taganizirani kukula kwa malowo. Dera lonse la nyanja ndi madambo ake limene lidalembedwa pansi pa mgwirizano wa Ramsar, pangano la mayiko loteteza madambo, ndi mahekitala 224,800. Ngakhale mutangofuna kukumba pakati pokha, dothi lake mungakalitaye kuti, ndipo dizilo wake angalipire ndani? Chinanso, kukumba sikuwonjezera dontho ngakhale limodzi la madzi. Mitsinje ikapitiriza kubwera yofiira ndi dothi, dzenje lokumbidwa chaka chino limakhala litakwiririka pakapita dzinja zingapo. Pamene kukumba kuli ndi phindu ndi pa timakwalala ta mabwato, monga kuchokera ku Kachulu kupita ku chilumba cha Chisi, kuti odwala ndi katundu azitha kuwoloka madzi akachepa. Imeneyo ndi ntchito ya mayendedwe, ndipo tiziitchula dzina lake lenileni, tisamaitche kukonza nyanja.

Damu ndi nkhani ina. Damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri la Zomba limamwetsa mzinda wonse, ndipo palibe wanzeru amene anganene kuti silofunika. Damu limasunga madzi a dzinja, ndipo litayendetsedwa bwino lingathe kumatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe kuti mtsinje usadukize. Vuto lake n'lakuti madzi oyamba osefukira, amene damu limagwira, ndi omwewo amene amadzutsa nsomba. Milamba ndi matemba zimakwera m'mitsinje ndi m'maudzu omira kukaswana mvula ikangoyamba kudzaza makwawa. Mukamanga madamu ambiri pa mitsinje yothira m'Chilwa, mwachotsa chizindikiro chimenecho. Ndiponso madzi otambasuka padamu nawonso amauma ndi dzuwa. Timadamu ting'onoting'ono ta m'midzi tothandiza ziweto ndi madimba ndi tabwino, bola kumtunda kwake kukhale udzu ndi mitengo, apo ayi timadzaza mchenga n'kusanduka bwalo la mpira.

Mitengo: kudzala kapena kulera

Palibe amene amatsutsa mitengo. Madzi a Chilwa amabadwira m'mapiri a Zomba, Malosa, Chikala, Mulanje ndi Michesi. Phiri likakhala ndi nkhalango, mvula imalowa pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono mu akasupe mpaka Okutobala. Likakhala lometedwa, madzi onse amatsika tsiku limodzi atasenza dothi, kenako mtsinje n'kuuma mu Ogasiti. Anthu a ku Phalombe, amene adaona napolo wa mu Marichi 1991 ndi namondwe wa Freddy mu 2023, safunika kuwafotokozera mmene phiri limatsikira.

Koma pansi pa mawu oti mitengo pali njira ziwiri zosiyana kwambiri. Yoyamba ndi kudzala mbande za m'machubu pa nyengo yodzala mitengo, imene kwathu kuno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Yachiwiri ndi kulera zitsa ndi timitengo tomera tokha: kupatulira mphukira, kusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu, kulambula njira zotchinga moto, ndi kuletsa mbuzi ndi nkhwangwa kwa zaka zingapo.

Kumudzi kwathu bungwe lina lidabweretsa mbande zambirimbiri. Tidadzala tsiku limodzi, kudali nyimbo ndi zithunzi. Pofika Seputembala moto wa osaka mbewa udadutsa, zotsala mbuzi zidamaliza, ndipo palibe amene adabweranso kudzawerenga. Zimandipweteka mpaka lero chifukwa amayi adasenza madzi pamutu kuthirira nazale ija miyezi itatu. Tsidya lina la khwawa lomwelo a mfumu adangolamula kuti kaphiri kena kasadulidwe ndipo kazilambuliridwa chaka ndi chaka. Lero muli masuku ndi mitengo ina yachilengedwe yoposa denga la nyumba, ndipo amayi amazulamo bowa. Chitsa chili ndi mizu yakuya kale; mbande iyenera kuyamba moyo kuchokera pachiyambi m'dothi loguga.

Kudzala kuli ndi malo ake: pamene zitsa zidazulidwa, m'mphepete mwa mitsinje mofunika mikuyu, mbawa, katope ndi nsungwi, ndi m'minda ya nkhuni pafupi ndi nyumba kuti anthu asamakwere phiri. Bulugamu amakula msanga ndipo amapatsa milimo, koma amamwa madzi kwambiri, choncho asayandikire kasupe kapena dambo. Dziko la Malawi lidalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka yoguga pofika 2030, ndipo ine ndikuona kuti gawo lalikulu la lonjezo limeneli lingatheke ndi kulera, chifukwa ndi kotsika mtengo. Kufooka kwa njira zonse ziwirizi ndi nthawi. Mtsinje sumva kusintha pasanathe zaka zambiri. Ndipo nyanja ikaphwa, msodzi wopanda chochita amakhala woyamba kunola nkhwangwa, kotero nkhalango imafuna chitetezo chachikulu chaka chomwecho chimene anthu ali ndi njala yaikulu.

Pamodzi ndi mitengo tiikepo ntchito za m'munda: akalozera, mizere yopingasa, ngonyeka, udzu wa vetiva ndi kuphimbira nthaka ndi mapesi. Izi sizitchuka, koma zimagwira dothi pamene likuchokera, ndipo mlimi amaona phindu lake pa chimanga chake chomwe. Njira imene imalipira mwini wake siifuna mlonda.

Kusiya mphepete mwa mtsinje

Papepala iyi ndi yosavuta: pasakhale khasu m'mamita angapo kuchokera pa gombe la mtsinje, pamere bango, nsenjere ndi mitengo. Mizu imagwira gombe, udzu umasefa dothi, mthunzi umasunga maiwe. Phindu lake limabwera msanga kuposa la nkhalango ya kuphiri.

Koma pitani ku Likangala kapena ku Thondwe mwezi wa Julayi mukaone amene ali pagombepo. Ndi mayi wa dimba la tomato ndi mpiru, wothirira ndi kheni, amene ndalama ya fizi ndi ya sopo imachokera pomwepo. Munda wake wakumtunda sukwana ekala. Mukamuuza za matemba a zaka zisanu zikubwerazo, iye akudziwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kumuthamangitsa popanda chomugwirizira ndi nkhanza, ndiponso sikugwira ntchito, chifukwa alangizi akangotembenuka amabwerera. Kumene njirayi yagwirako ndi kumene mpata wosiyidwawo ukubereka kanthu: nthochi, nsungwi zoluka ndi zomangira, nsenjere yodyetsa ng'ombe, ming'oma ya njuchi, ndipo dimba lasunthira kumbuyo pang'ono n'kumalandira madzi ndi pampu yopalasa. Kukumba mchenga m'mitsinje yapafupi ndi mzinda wa Zomba nakonso kumagumula magombe omwewo, ndipo lamulo likamagwira mayi wa kheni n'kusiya lole ya mchenga, anthu amaleka kulimvera.

Kugawana madzi a ulimi wothirira

Apa ndi pamene pali mkangano weniweni, ndipo m'pofunika kukhalitsa. Masikimu a mpunga monga a Domasi ndi Likangala adakhazikitsidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970. Ya Domasi yokha ndi mahekitala pafupifupi 500. Kwa zaka zambiri ankayendetsa ndi boma, kenako adaperekedwa m'manja mwa mabungwe a alimi ogwiritsa ntchito madzi. Mpunga wa m'dera lino umadyetsa mabanja zikwizikwi ndipo umafika m'misika ya ku Zomba ndi Blantyre. Wonena kuti masikimu atsekedwe sadagonepo ndi njala.

Komabe zoona n'zakuti m'chilimwe, pamene mtsinje wachepa kale, mpunga wachiwiri umafuna madzi ochuluka. Kuwonjezera pa masikimu akuluakulu, pali matumba a mchenga otchinga mitsinje ndi mapampu a injini amene palibe amawawerenga. Mtsinje umatha kufika kunyanja uli mchenga wokhawokha. Asodzi amaloza alimi, alimi a kumunsi amaloza a kumtunda, ndipo usiku anthu amakatsegulirana zitseko za ngalande mobisa.

Pali njira zitatu zimene zimatchulidwa. Yoyamba ndi ziphaso: lamulo la madzi la 2013 lidakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, ndipo wopatutsa madzi ambiri mumtsinje ayenera kukhala ndi chilolezo chonena kuchuluka kwake. Ubwino wake n'kuti pamakhala muyeso woti madzi ena atsale mumtsinje. Kuipa kwake n'kuti chiphaso chopanda chida choyezera madzi ndi munthu wokayendera chimangokhala pepala. Yachiwiri ndi kukonza ngalande: kuziwaka ndi simenti, kukonza zitseko, kusalaza mapuloti. Ngalande yadothi yong'ambika imataya madzi ambiri asanafike pa mpunga. Iyi ndi yodula, ndipo ili ndi msampha wake: madzi opulumutsidwa nthawi zambiri sabwerera mumtsinje, amangotsegulira mapuloti atsopano. Pokhapokha patakhala pangano lolembedwa loti gawo lina ndi la mtsinje, nyanja siilandira kanthu. Yachitatu ndi kalimidwe: kuwokera mbande yanthete imodzi paphando, m'mizere yotalikirana, n'kumathirira ndi kuumitsa mosinthanasinthana m'malo momiza munda nyengo yonse. Madzi amachepa, mbewu imachepa, ndipo zokolola sizitsika mlimi akatsata bwino. Chovuta chake ndi udzu, umene umamera kwambiri pamunda wosamira, ndiponso mlimi sangayerekeze kuumitsa puloti yake ngati sakukhulupirira kuti tsiku lake la madzi likafika adzawapezadi.

Pa zitatuzi, ine ndingayambe ndi yachitatu pamodzi ndi ndandanda yokhulupirika yogawira madzi, chifukwa zimadalira mgwirizano kuposa ndalama. Ndipo chaka cha mvula yochepa pakhale chigwirizano chodziwikiratu kuti mpunga wa m'chilimwe uchepetsedwe, m'malo mwake mulowe nyemba, mbatata kapena chimanga chosafuna kumira. Chigwirizano chotere chimapangidwa mu Epulo poona mmene mitsinje ilili, mbande zisanafesedwe.

Njedza, maiwe ndi nsomba zotsala

Njira imene ndimaikhulupirira koposa zonse ndi imene siimveka kwambiri pa wailesi. Nyanja ikaphwa, nsomba sizitha zonse. Makumba, matemba ndi milamba zimathawira m'maiwe akuya a m'mitsinje, kumathiriro a mitsinje, ndi m'thamanda ngati la Mpoto. Mlamba, poti umatha kupuma mpweya wakunja, umapirira ngakhale m'matope. Zotsala zimenezi ndizo mbewu ya nyanja yonse.

Mbiri yatipatsa mpata woyerekeza. Itaphwa mu 1968, boma lidayesa kuweta makumba m'maiwe okumba a ku Domasi n'kukawathira m'nyanja madzi atabwerera. Ntchitoyo idali yodula, ndipo nsomba zoweta zidali dontho poyerekeza ndi kukula kwa nyanja. Itaphwa mu 1995, njira idasintha. Mafumu, asodzi ndi a nthambi ya zausodzi adagwirizana kulondera maiwe a m'mitsinje. Adaletsa makoka m'malo amenewo, adaletsanso katupe, mankhwala a zomera amene ena amathira m'dziwe kuti nsomba ziyandame. Makomiti a m'midzi ya m'mphepete mwa mitsinje ndi m'madoko adayambira pamenepo, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 lidapereka mpata woti anthu akumudzi azitenga nawo mbali poyang'anira usodzi. Madzi atabwerera, nsomba zidabwerera zokha kuchokera m'maiwe aja.

Taganizirani dziwe limodzi la mumtsinje wa Domasi mwezi wa Novembala chaka cha chilala. Madzi ndi obiriwira, ofunda, milamba ikutulutsa milomo pamwamba. Pamudzi palibe ndiwo. Usiku umodzi wa katupe ungathe kudzaza madengu, n'kupha chilichonse mpaka tiana. Munthu amene amagona pafupi ndi dziwe limenelo kulilondera, mimba ili pululu, akugwira ntchito yoposa ya makina okumba nyanja, ndipo kawirikawiri salandira kanthu. Ngati pali ndalama yokonzera Chilwa, yoyamba ipite kwa anthu otere, monga chakudya kapena malipiro a ntchito m'chaka chimene nyanja yaphwa.

Chimodzimodzi njedza, udzu wautali umene wazinga nyanja makamaka kumpoto. Ambiri amauona ngati tchire lobisa udzudzu. Koma ndiwo sefa imene imagwira dothi lisanalowe pakati, ndimo mobisala tiana ta nsomba, ndimo moikira mazira mbalame zam'madzi zimene zidachititsa kuti Chilwa akhale malo oyamba a Malawi pansi pa mgwirizano wa Ramsar, umene dziko lino lidalowamo mu 1997. Elephant Marsh ya ku Chigwa cha Shire idatsatira mu 2017. Asodzi amamangamo zimbowela, tinyumba toyandama tomwe amakhalamo miyezi. Madzi akaphwa, njedza imatenthedwa ndipo dothi lake lachonde limalimidwa, ena mpaka kumangapo nyumba. Koma madzi saiwala khwawa. Freddy atadutsa mu 2023 nyanja idakwera n'kumiza minda ndi midzi ya m'mbali. Kudula malire odziwika, oti kuyambira apa ndi pa nyanja ngakhale pouma, kumateteza dambo ndi anthu omwe. Sikufuna simenti, koma kumafuna mafumu osagulitsa malo a dambo chaka cha chilala.

Nyengo yotseka usodzi wa makoka m'miyezi ya mvula, pamene nsomba zikuswana, ndi ya m'gulu lomweli, pamodzi ndi kuletsa maukonde a udzudzu amene amakokolola ndi mazira omwe. Magulu a osaka mbalame nawonso adayesa kupatula malo ena oti asatcheremo misampha nthawi yoswana. Kufooka kwa njira zonsezi n'kodziwika: komiti imalimba pamene pulojekiti ilipo, ikatha imafooka, mwini khoka wolemera amatha kugula chete, ndipo msodzi wobwera sadziwa kapena salabadira malamulo a pagombe. Zimathandiza pamene msodzi akupeza zambiri pa nsomba zochepa. Matenti oumitsira nsomba ndi dzuwa, amene adayesedwa m'madoko ena a Chilwa, amateteza matemba ku fumbi, ntchentche ndi mvula, ndipo safuna nkhuni.

Tsidya la Mozambique

Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dera lothira madzi m'Chilwa lili ku Mozambique. Mnembo amachokera kumeneko, ndipo asodzi a mbali ziwirizi amakumana pamadzi amodzi, ambiri ndi pachibale, amalankhula Chinyanja, Chiyao ndi Chilomwe. Kuno kukatsekedwa usodzi koma tsidya n'kukhala kotsegula, makoka amangowoloka, ndipo womvera lamulo ndiye amaluza. Mayiko a SADC adasainirana pangano lokonzedwanso la madzi ogawana mu 2000, choncho maziko alipo. Koma pangano la m'malikulu silifika pagombe lokha. Chofunika msanga ndi chaching'ono: masiku otsekera usodzi akhale amodzi mbali zonse, maukonde oletsedwa akhale amodzimodzi, ndipo mafumu ndi makomiti a ku Phalombe, Zomba ndi Machinga azikumana ndi anzawo a tsidya mvula isanayambe.

Nditapatsidwa thumba limodzi la ndalama kuti ndigawe, ndingayambe ndi maiwe ndi malire a dambo, chifukwa n'zotsika mtengo ndipo zidaonetsa kale mphamvu yake mu 1995. Pambuyo pake ndingaike kugawa madzi m'masikimu ndi mphepete mwa mitsinje, chifukwa zimasunga mitsinje yamoyo m'miyezi itatu yovuta ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala. Kulera nkhalango ndingakuyambe tsiku lomwelo, podziwa kuti odzakolola ndi ana. Damu latsopano ndingalivomere pokhapokha litalembedwa kuchuluka kwa madzi amene lizitulutsira mtsinje mwezi uliwonse. Makina okumba ndingawatumize pa kanjira ka ku Chisi kokha, kuti mayi wodwala asamakankhidwe m'matope maola ambiri asanafike ku Kachulu.